Wilo Yakale pa Chuma cha Chaka Chino

Mlimi wa fodya wa kwa Njombwa, kumwera kwa boma la Kasungu, sasowa womuphunzitsa kuti pepala limakalamba. Chaka chilichonse amayenera kukalembetsanso ku Tobacco Commission, ndipo makilogalamu amene analoledwa kugulitsa chaka chatha sawerengedwa chaka chino. Ngati ali pa kontirakiti ndi kampani yogula fodya, amasainanso mgwirizano, ngongole ya feteleza ndi mbewu nkulembedwa mwatsopano. Palibe angafike ndi mabelo ake pamsika wa Chinkhoma atanyamula chiphaso cha zaka zisanu zapitazo nkumayembekeza kuti amulandira. Koma mlimi yemweyo, akakhala mmodzi mwa ochepa amene analimba mtima nkulemba wilo, amaipinda bwinobwino, kuiika pansi pa sutikesi pamodzi ndi malisiti akale, ndipo saiyang'ananso mpaka tsiku limene ena adzaitulutse iye ali kumanda. Chizolowezi chimenechi nchoopsa. Pabanja limene chuma chake chimasintha ndi msika uliwonse, wilo yosawunikidwanso ikhoza kuvulaza mkazi ndi ana kuposa kufa osalemba kanthu, ndipo chifukwa chake chili m'lamulo momwemo.

Mpaka mu 2011, chuma cha mwamuna womwalira osasiya wilo chinkagawidwa potsata lamulo la 1967. Kumadera kumene amalowola, theka linkapita kwa mkazi, ana ndi ena odalira malemuyo, theka lina kwa abale olowa chuma mwamwambo. Kumadera ngati a Achewa, mkazi ndi ana ankalandira magawo awiri mwa asanu, atatu otsalawo nkupita kwa abale a malemu. Masiku amenewo bambo wofuna kuti ana ake adye thukuta lake analibe pothawira kwina koma kulemba wilo, ndipo wilo iliyonse, ngakhale yoiwalika, inali yabwinopo kusiyana ndi kusalemba. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 linatembenuza zinthu. Tsopano munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, pamodzi ndi amene ankadalira malemuyo. Katundu wam'nyumba amatsala ndi wamasiye. Wogawa amayenera kuganizira ana aang'ono amene adakali pasukulu. Ndipo kulanda katundu wamasiye ndi mlandu wopita nawo kundende. Chofunika kuona apa nchakuti lamuloli limawerenga anthu amene alipo tsiku la imfa. Khanda lobadwa mwezi watha limawerengedwa. Mwana wobadwa kunja kwa banja amawerengedwanso, popeza malamulo aakulu a dziko lino amati ana onse ndi ofanana mosayang'ana mmene anabadwira. Wilo yotchula anthu ndi katundu m'maina imawerenga banja la tsiku limene inalembedwa basi. Ikakhala ya zaka khumi ndi zisanu zapitazo, imagawa chuma chimene kulibenso kwa banja limene linasintha kalekale.

Tiyerekeze ndi mlimi amene analemba wilo mu 2010, fodya atamuyendera bwino. Analemba kuti ng'ombe zinayi zapagoli ndi ngolo zikhale za mwana wake woyamba, nyumba ya malata ndi chigafa zikhale za wachiwiri, ndipo mwana wamkazi, amene anali fomu wani, alandire K300,000 yoti amalizire sukulu. Pachaka chimenecho kugawa kwake kunali kolungama. Koma mu 2011 mitengo ya fodya inagwa, ng'ombe ziwiri zinagulitsidwa kuti abweze ngongole, zina zinafa, ndipo zaka zabwino zitabweranso mlimiyo anagula chigayo ndi njinga yamoto ya kabaza, nkumanganso nyumba yochititsa lendi pamphepete pa msewu wa M1. Akamwalira lero, mwana woyamba alandira mawu okha, chifukwa mphatso ya chinthu chotchulidwa dzina imafa chinthucho chikachoka m'manja mwa mwini wake, ndipo palibe lamulo limene limasandutsa ng'ombe zogulitsidwa kukhala chigayo. Mwana wamkazi alandiradi K300,000 yake, koma ndi ndalama yanji? Mu 2010 dola imodzi inali pafupifupi K150, choncho mphatsoyo inali madola 2,000. Kwacha inatsitsidwa mphamvu mu May 2012, inatsitsidwanso ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola inafika pafupifupi K1,700 kubanki. Mphatso ija inatsala yosakwana madola 200. Wachiwiri yekha ndiye watola zonse zimene anamulembera. Chigayo, njinga ndi nyumba ya lendi, zimene ndizo chuma chenicheni cha malemuyo, sizikutchulidwa paliponse, ndipo ngati wilo ilibe mawu onena za katundu yense wotsala, ziyenera kugawidwa ngati za munthu wosasiya wilo. Banja limodzi likhala ndi miyeso iwiri pa maliro amodzi, ndipo mkangano umayambira pomwepo. Bamboyo sanakondere aliyense, koma ana adzawerenga pepala lake ngati la munthu wokondera.

Nkhani ya malo ndiyo yozama kwambiri kuno ku Kasungu. Kwa zaka zambiri za ulamuliro wa Kamuzu, mlimi wa pamunda wa makolo sankaloledwa kulima fodya wa bale kapena wa fuluwu payekha. Fodya ameneyu anali wa maesiteti, ndipo alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima bale mu 1990. Njira yolowera m'ulimi wa ndalama inali kupempha lizi, ndipo maesiteti m'dziko muno anachuluka kuchoka pa 1,200 kapena cha pomwepo mu 1979 kufika oposa 14,000 mu 1989, ambiri mwa atsopanowo ali ang'onoang'ono m'zigwa za Kasungu, Mchinji ndi Dowa. Kawirikawiri malo ake anali minda ya pachibale imene inaphatikizidwa nkulembedwa m'dzina la munthu mmodzi, uja wodziwa sukulu kapena wogwira ntchito m'tauni. Malizi ambiri anali a zaka 21, kutanthauza kuti lizi ya 1988 inatha mu 2009. Kafukufuku wa World Bank wa 2017 anapeza kuti pafupifupi malizi 70 mwa 100 alionse a malo aulimi anali atatha kale. Ndiye taganizirani wilo yonena kuti esiteti yanga ndaisiyira ana anga. Esiteti yake iti? Ngati lizi inatha ndipo sinakonzedwenso, anawo alandira pepala lachabe ndi mkangano ndi ana a alongo a bambo awo, amene akukumbukira bwino lomwe kuti mbali ya kumtsinje unali munda wa agogo awo aakazi. Malamulo a malo a 2016, amene anayamba kugwira ntchito mu 2018 nkukonzedwanso mu 2022, anabweretsa china chatsopano: munthu akhoza kulembetsa malo a makolo kudzera m'komiti ya malo ya kwa gulupu, ndipo malo olembetsedwa chotero akhoza kusiyiridwa wina kudzera mu wilo. Munda womwewo, umene mu 1995 munthu sakanautchula mu wilo ngati wakewake, lero ukhoza kutchulidwa ngati unalembetsedwa. Ndipo esiteti imene mu 1995 inali yake ndithu, lero mwina si yakenso. Wilo yolembedwa pansi pa malamulo akale a malo iyenera kuwerengedwanso ngakhale pabanja sipanasinthe kalikonse.

Komatu pabanja sipakhala posasintha. Lamulo la ku England la 1837 linakhazikitsa mfundo yakuti munthu akakwatira kapena kukwatiwa, wilo imene analemba kale imafafanizika yokha, ndipo lamulo lathu linatsata njira imeneyi, pokhapokha munthu atailemba akuganizira ukwati womwewo. Bambo amene mkazi wake anamwalira, nkukwatiranso patapita zaka zitatu, akhoza kumagona tulo poganiza kuti ana a mkazi woyamba anawatchinjiriza ndi wilo, pamene wiloyo inafa tsiku la ukwati wachiwiri. Palinso kutha kwa banja, mitala, mwana amene anabadwa wilo italembedwa kale, mdzukulu wamasiye amene anabwera kudzaleredwa pakhomo, ndi mwana wokondedwa amene anatsogola kumanda. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikiranso ukwati wa anthu amene akhala limodzi nthawi yaitali popanda mwambo uliwonse, choncho amene bambo ankamutcha bwenzi chabe akhoza kudzaima kukhoti ngati mkazi. Zoterezi sizisankha osauka. Bingu wa Mutharika anataya mkazi wake Ethel mu 2007, anakwatira Callista mu 2010, anamwalira mu April 2012, ndipo za chuma chake zinakafika kukhoti pakati pa wamasiye ndi ana. Ngakhale amene anasankhidwa kuti adzayendetse chumacho amasintha: mchimwene wodalirika uja anadwala sitiroko, mphwake wodziwa Chingerezi anapita ku Joni ndipo foni yake siipezekanso.

Pali chuma china chimene wilo siikhudza nkomwe, ndipo ichi ndicho chimaiwalika msanga. Mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi amene amalimanso fodya, kalaliki wa pakampani, dalaivala wa pa esiteti, onsewa ali ndi ndalama zimene zimalipidwa wantchito akamwalira. Pansi pa lamulo la penshoni la 2011, limene linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2023, ndalama za penshoni zimatsata fomu imene mwini wake analembapo maina a odzalandira. Fomu imeneyi ambiri anaidzaza tsiku loyamba ntchito, ali mbeta, nkulembapo amayi awo ndi mlongo wawo. Inshulansi ya moyo imayendanso ndi fomu yakeyake. Kuwonjezera apo pali ndalama za mu Airtel Money ndi TNM Mpamba zimene nambala yake yachinsinsi ili m'mutu mwa munthu mmodzi, masheya a banki mkhonde, ng'ombe zoikiza kwa mnansi ku Santhe, ndi mabelo amene ali kale kumsika m'dzina la bambo pamene amene anathyola, kusoka ndi kusankha fodyayo ndi mayi ndi ana. Palinso ngongole. Ya kontirakiti imadulidwa fodya akangogulitsidwa, ndipo ngongole za malemu zimabwezedwa chuma chisanagawidwe. Kuwunika wilo osakhudza mafomu, maakaunti ndi ngongole ndi kugwira theka la ntchito. Nthawi yabwino yochitira zonsezi ndi msika ukangotseka, pamene munthu akudziwa zimene wapeza, zimene wabweza ndi zimene wagula, ndipo ndalama ya basi yopitira ku boma ilipo.

Otsutsa oyamba amati zonsezi ndi za azungu. Kwathu kuli ankhoswe, kuli malume, kuli mfumu. Maliro akatha, pa tsiku lometa, akuluakulu amakhala pansi nkugawa moyang'ana amene alipo ndi zimene zilipo, ndiye mwambo sukalamba ngati pepala. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, ndipo ndi choonadi chomwecho chimene chikupangitsa wilo yakale kukhala yoopsa. Vuto ndi lakuti mwambo wa Achewa unapangidwira chuma cha mtundu wina. Pachikamwini munda unali wa mbumba, mwamuna anali mlendo, ndipo akamwalira abale ake ankatenga khasu, nkhwangwa ndi zovala, ana nkutsala pamalo a amayi awo. Fodya anabweretsa chitengwa chochuluka, chifukwa mwamuna safuna kumanga chigafa ndi balani pamudzi pamene angamuthamangitse, ndipo anabweretsanso chuma cha ndalama chimene mwambo unalibe nacho lamulo. Mkazi wa chitengwa amene wakhala zaka makumi atatu kwa mwamuna, kwawo minda inagawidwa kale, ndipo kuno akhoza kuuzidwa kuti abwerere kwawo ndi ana ake. Akuluakulu ogawa aja nthawi zambiri ndi omwewo amene akuyembekeza gawo. Nchifukwa chake Nyumba ya Malamulo inachita kuika chilango pa kulanda katundu wamasiye.

Ena amaopa kuti kukamba za wilo ndi kudziitanira imfa, ndipo kuibwereza chaka ndi chaka ndi kuiitana mokuwa. Koma anthu omwewa amasonkha ndalama za maliro kumpingo ndi kukalabu, ndipo ena amagula matabwa a bokosi adakali moyo. Za mtengo nazo sizolimba kwenikweni. Lamulo silinena kuti wilo ilembedwe ndi loya kapena m'Chingerezi. Imafunika kukhala yolembedwa, munthu wa zaka 18 kapena kuposerapo, wamutu wabwino, asaine kapena adinde chala pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, mbonizo zisainenso. Nzeru ndi yakuti mboni zisakhale anthu olandira gawo kapena akazi ndi amuna awo. Loya amafunikadi pamene pali lizi, kampani kapena mitala, koma pamenepo ndi pamenenso chuma chingakwanitse kumulipira.

Kutsutsa kolemera ndi uku: wilo yosinthidwasinthidwa imatsegulira khomo achinyengo. Munthu akakalamba, maso akachita khungu, amene amamupatsa phala ndiye amakhala ndi khutu lake, ndipo wilo yomaliza ikhoza kukhala mawu a mkazi wamng'ono kapena a mwana wochenjera amene anatsala pakhomo. Ndiponso mapepala akachuluka, aliyense amanyamula limene likumukomera. Izi zimachitikadi, ngakhale kumaiko kumene maloya ndi mbwee. Woimba wa ku America Aretha Franklin atamwalira mu 2018, m'nyumba mwake munapezeka mawilo olembedwa pamanja, ina ya 2010 m'kabati yokhoma, ina ya 2014 pansi pa khushoni ya sofa, ndipo ana ake anakangana mpaka khoti linagamula mu 2023 kuti ya pa sofa ndiyo igwire ntchito. Koma tikayang'anitsitsa, chinavuta si kusintha maganizo. Chinavuta ndi kusintha mobisa ndi kusiya pepala lakale lili moyo. Nelson Mandela analemba wilo yake mu 2004, anaikonza mu 2005 ndi mu 2008, ndipo atamwalira mu December 2013 inawerengedwa poyera mu February 2014 ndi anthu amene anawasankha yekha, mmodzi mwa iwo ali woweruza Dikgang Moseneke. Banja lake linali la ana a maukwati osiyana, ndipo Winnie Madikizela-Mandela, amene ukwati wawo unatha mu 1996, anakasuma kufuna nyumba ya ku Qunu, koma makhoti anamukanira. Munthu amene wakhala akuwunika wilo yake adakali ndi mphamvu amasiya mzere wooneka wa maganizo ake, ndipo pepala lodzidzimutsa lotulukira sabata yomwalira limaonekera patali kuti ndi lachilendo. Amene analemba kamodzi zaka makumi awiri zapitazo ndiye wosavuta kumunamizira, chifukwa aliyense akuona kuti wilo yakeyo yatha ntchito ndipo nkosavuta kukhulupirira kuti analemba ina.

Choncho kasinthidwe kake nkofunika monga kusinthako. Kufufuta ndi bolopeni dzina la mwana amene wakukwiyitsani, kapena kuwonjezera mzere m'mphepete, sikusintha wilo. Kumangopatsa maloya chokambirana. Chosintha chaching'ono chilembedwe papepala lina lokhala ndi deti, losainidwa pamaso pa mboni ziwiri ngati wilo yeniyeni. Zosintha zikachuluka, ndi bwino kulemba yatsopano yonse, yoyamba ndi mawu akuti mawilo onse akale afafanizidwa, yakaleyo nkuiwotcha pamodzi ndi makope ake, kuphatikizapo imene inasungitsidwa kwa abusa, kubanki kapena kwa loya. Maina alembedwe monga alili pa chiphaso cha unzika, chifukwa munthu amene pamudzi amadziwika ndi dzina la kubadwa, kusukulu ndi lina, pachiphaso cha 2017 ndi linanso, adzavutika pa kauntala ya banki. Ndalama zigawidwe m'magawo, monga limodzi mwa anayi a zotsala, m'malo motchula makwacha. Ndipo pasasowe mawu onena za katundu yense amene sanatchulidwe ndi za ana amene angadzabadwe. Wilo yolembedwa chotero imapirira zaka zambiri, moti kuwunika kwa chaka ndi chaka nthawi zambiri kumathera pa kuiwerenga ndi kuibwezera m'malo mwake.

Wina wodziwa malamulo anganene kuti mantha onsewa ngopitirira, popeza lamulo la 2011 limalola khoti kupereka gawo kwa mkazi kapena mwana amene wilo inamuiwala kapena kumumana. Nzoona, khomo limenelo lilipo. Koma wolowa pakhomolo ndi mayi wamasiye wa kwa Njombwa, amene ayenera kupeza ndalama ya mayendedwe, kusonkhanitsa kalata ya imfa ndi makalata a kwa mfumu ndi kwa DC, kupeza womuimira, ndi kusumira pepala limene mwamuna wake anasaina ndi dzanja lake, alamu ake akumuyang'ana. Pamene mlandu ukudikira tsiku, akaunti ya kubanki ndi yotseka, chigayo chaima chifukwa palibe wovomerezeka kugula dizilo, ndipo fizi ya teremu yachiwiri yakwana. Ambiri safika nkomwe kukhoti. Amalandira zimene apatsidwa kuti pamudzi pakhale bata.

Zonsezi zakambidwa ngati kuti wolemba wilo ndi bambo, chifukwa ndi mmene anthu ambiri amaganizira, koma lamulo silisiyanitsa. Mayi wa ku Kasungu lero ali ndi soya ndi mtedza wake, nkhumba zake, masheya ake ku banki mkhonde, mwina ndi malo olembetsedwa m'dzina lake, ndipo chuma chake chimasintha mofulumira kuposa cha mwamuna chifukwa chimazungulira m'tigeni ting'onoting'ono. Iye akatsogola, pachikamwini wosowa pogwira amakhala mwamuna, amene amasudzulidwa nkusiya nyumba ya njerwa zootcha imene anamanga ndi ndalama za fodya; pachitengwa abale a mayiyo amabwera kudzafunsa mbuzi ndi makina osokera. Ana a ukwati woyamba wa mayiyo, amene bambo wopeza sanawalembe mu wilo yake, alibe wina wowatchula koma mayi wawo. Mwamuna ndi mkazi akamawunika mawilo awo tsiku limodzi, amaona msanga pamene onse awiri alemba nyumba imodzi kwa anthu osiyana, ndi pamene pali mwana amene aliyense ankaganiza kuti mnzake wamulemba.